Malikisi a Munda wa Bambo Chidothi

Febuluwale aliyense, kandege kopanda woyendetsa kamauluka pamwamba pa minda n'kupereka malikisi. Munda ukalephera, msika sugula zokolola zake. Kandegeko kamangodziwa chimanga ndi soya, china chilichonse kamati ndi udzu.

Ndiye Bambo Chidothi anazula maungu onse amene mkazi wawo, Nasibeko, anadzala m'mizere.

"Tapeza 92, mayi," anatero akulowa m'nyumba monyadira, kapepala ka malikisi kali m'manja. "Akuti soya adzakwera mtengo mu Meyi."

"Mu Meyi?" anatero Nasibeko. "M'nkhokwe mulibe kanthu. Ana anuwa chaka chilichonse amafika mu Meyi ndi nkhwani ndi maungu, si kandege kanuko."

Madzulo anawaikira mbale ya ndiwo, m'kati mwake muli kapepala ka malikisi kaja.

"Ndiwo zalero ndi zimenezo, bambo. Mchere muthire nokha."