Mzere wa Pachitseko

Mtsinje wochokera kuphiri la ayezi unkayenda wotuwa ngati mkaka, nkhungu ikuyandama pamwamba pake.

"Yangayi imayeza yokha kuya kwa madzi," anatero Torfi, akusisita galimoto yake yatsopano. "Chiphapha cha bambochi tingogulitsa, achemwali."

"Ndiye iuze iwoloke yokha," anayankha Steinunn.

Steinunn analowa m'madzi ndi ndodo, monga ankachitira malemu bambo awo, nabwerera kudzailinga pamzere umene bambowo anakanda ndi msomali pachitseko cha galimoto yakaleyo, wosonyeza malire a madzi amene ingawoloke. Ponyowa panalekeza chala chimodzi pansi pa mzerewo.

Steinunn atatsegula chitseko n'kukhala pachiwongolero, munkamvekabe fungo la khofi ndi juzi yaubweya yonyowa. Torfi analipuma fungolo nthawi yaitali, maso ali kutali.

Kenako anakazimitsa galimoto yake yatsopano ija.

"Sunthirani uko, achemwali. Ndiyendetsa ndine."