Matope mu Lediyeta ya Bwana Holloway

Singano yosonyeza kutentha inakweranso mpaka pofiira, Whyson Mbewe n'kuzimitsa injini msangamsanga. Pansi pa boneti madzi ankabwata ngati m'ketulo. Aka kanali kachinayi sabata imodzi.

Galimotoyo inali ya mipando iwiri, yopanda denga, yopangidwira liwiro basi. Mwini wake, Bwana Holloway wa kukampani kumene Whyson ankakonza malole, anapita ku Ndola atamusiyira galimotoyo ndi mawu osazungulira: Loweruka kuli mpikisano, ndipo galimoto ikakawira kumeneko, Whyson atenge chitupa chake azipita. Dona, mkazi wa bwanayo, anakana kuti chiphokoso chimenechi chikhale pabwalo pake, n'chifukwa chake chinthu chonyezimira choterechi chinkagona m'fumbi la kukomboni ya Matero, pakhomo pa kanyumba ka Whyson ka zipinda ziwiri.

Nyumbayo inali ya ntchito. Ntchito ikatha, nyumba yatha, ndipo iye, mkazi wake Mainess ndi kamwana kawo Elina akanakwera lole yobwerera kwawo ku Fort Jameson, kumene analibe ngakhale kadimba. Whyson ankaopa kwambiri, ndipo mantha ake sankabisika m'nyumbamo. Chakudya ankangochigwira n'kuchisiya.

Sikuti anali makaniko wongoyerekeza, ayi. Lamba wa fani anamumangitsa. Mapaipi anawafinya limodzilimodzi osapeza podontha. Chivundikiro cha lediyeta anasintha. Pampu ya madzi anaimasula, anaiunguza, anaibwezera ili bwinobwino. Oyilo sanasakanikirane ndi madzi, ndiye gasiketi inalibe mlandu. Ngakhale madzi a pampopi, amene amasiya zoyera zouma m'ketulo, anawaleka n'kumanyamula madzi a mabatire kuchokera kugalaja.

Koma akangotsegula kampopi ka pansi pa lediyeta, kunkatuluka matope okhuthala ngati phala. Atsuke Lolemba mpaka madzi ayere mbee, Lachitatu matope abwereramo, timabowo tonse tatsekeka. Injini siibala matope. Analipo munthu amene ankathiramo zinthu iye akapita kuntchito.

Munthuyo sanali wochita kumufunafuna. Khomo loyandikana linali la Obed Zulu, wosoka nsapato, munthu wa chipani chomenyera ufulu, wokhala ndi khadi m'thumba ndi moto pakamwa. Chinali chaka cha 1961, pamene kugwirira ntchito mzungu ndi mtima wonse kunkaoneka ngati kugulitsa abale. Lachinayi madzulo Obed anatsamira mpanda, nsapato ili m'manja, nayamba zake.

"Ba Whyson, motoka ya muzungu wanu ikali kudwala? Muisiye ife chabe. Olo mufuna akupaseni mendulo?"

"Ni iwe uigwira nikayenda ku nchito?"

Obed anaseka. "Ine nikaigwira, muzapeza phulusa chabe."

Anthu anamva, ena anaseka naye. Whyson sanaseke. Zoona, Obed yemweyo ndi amene anakumba manda a mwana woyamba wa Whyson, dzuwa lili pamutu, osalandira ngakhale tiyi. Koma zakale sizilipira denga, ndipo munthu wamantha amakumbukira zochepa.

Lachisanu m'mawa, asanapite kuntchito, Whyson anadzera kupolisi. Ananena za galimoto ya mzungu, za matope, za khadi la chipani, ndi mawu aja a phulusa, amene sajeni anawalemba kawiri n'kuwadula mzere pansi. Masiku amenewo nkhani yotere sinkadikira umboni.

Pobwera madzulo anapeza zatha kale. Obed anatengedwa masana, maunyolo m'manja, mlomo ukutuluka magazi. Mkazi wake Towera, amene anali woyembekezera, anakhala pansi m'fumbi pakati pa nsapato za anthu zosatha kusoka, akulira mosaletseka. Azimayi a mumzerewo atamuona Whyson analowa m'nyumba zawo mmodzimmodzi, osamupatsa moni.

Iye anangowerama n'kutenga sipanala. Anatulutsa matope, anatsuka lediyeta katatu, anathira madzi oyera, nayendetsa galimoto mpaka kunjanji ndi kubwerera, akuiponda mopanda chisoni. Singano inaima pakati, osasuntha. Mtima wake unatsika pang'ono, koma manyazi sanamuchoke. Anadziuza kuti sanalakwe, kuti munthu ali ndi ufulu woteteza ana ake, ndipo anadziuza zimenezi kambirimbiri pamene ankasamba kuseri kwa nyumba.

Ali ndi sopo m'khosi anamva chitsulo chikulira pabwalo. Linali boneti.

Anathamanga thaulo lili m'chiuno, mwala uli m'manja, wokonzeka kugwira mnzake wa Obed. Anapeza Mainess. Anali atatsegula chivundikiro ndi nsalu, mwaukatswiri ngati mwini wake, akukhuthula botolo la madzi akuda a mizu yosinja m'kamwa mwa lediyeta. Atamuona mwamuna wake anamwetulira monyadira, ngati munthu amene wasenza katundu wolemera yekha sabata yonse ndipo wafika naye.

"Osadandaula, batate ba Elina," anatero monong'ona. "Ni munkhwala wa nchito. Ba ng'anga ku Kanyama banakamba niziika mu motoka masiku seveni, muzungu sazakuchosani. Lelo ni yosiliza."

Mwala unagwa m'manja mwa Whyson. Kuseri kwa mpanda Towera anali akuitanabe dzina la mwamuna wake.