Dzino Lamkuwa

Penti yobiriwira ya pa makinawo inali isanaumitsitse, ndipo ndiyo inayamba kuwakayikitsa aphunzitsi.

"Ndagula kwa munthu wina amene akusamuka," anatero alamu awo, manja ali m'thumba. "Makina akale awa, alamu. Amasema chitsulo ngati sopo."

Aphunzitsi anasendera pafupi. Makina awo osemera zitsulo, amene ankacheza nawo Loweruka lililonse, anabedwa chaka chatha, koma anali otuwa, osati obiriwira. Komabe anapukusa kagudumu koyendetsera mpeni. Kanayenda myaa, kenako n'kugwira pang'ono pakati pa njanji, pomwepo pamene dzanja lawo linkayembekezera.

"Tatsegulani chivundikiro cha magiya," anatero aphunzitsi.

"Aaa, mudetsa malaya. Tiyeni m'nyumba, alongo anu akonza tiyi."

Aphunzitsi anatsegula okha. Giya yachitatu inali bii ndi girisi, koma atapukuta ndi chala, dzino limodzi linawala. Linali lamkuwa, lomwe iwo anawotcherera n'kupala ndi manja awo, lachitsulo litathyoka.

"Achimwene!" mlongo wawo anaitana ali kukhitchini, mawu ake ali osangalala. "Ndithire masupuni angati a shuga?"

"Awiri," anayankha, chala chikadali pa dzinolo.