Wamasofa ndi Pulogalamu ya Akatswiri

Panali munthu wina wokonza mipando, amene anthu a mumsewu wake ankangomutchula kuti Wamasofa. Mpando ukabwera wong'ambika, masipuling'i ali pamtunda, unkabwerera kwa mwini wake uli ngati wa m'sitolo. Atangotsegulitsa webusaiti ya bizinesi yake, mayi wina woyang'anira nyumba yogona alendo anamuimbira foni Lolemba m'mawa. Anali ndi masofa khumi ndi anayi ofunika nsalu yatsopano, koma ankafuna aone kaye pawebusaitipo kavidiyo kosonyeza ntchito yake, kuyambira pomasula mpaka pomaliza. Anamupatsa mpaka Lachisanu.

Zojambula zinalipo kale. Sabata yathayo mkazi wake anali atamujambula pafoni akukonza sofa yofiira ya dokotala wina wa mano, ndipo sofayo inali itapita kwa mwini wake. Chinatsala n'kulumikiza tizidutswa makumi atatu kuti tikhale vidiyo imodzi. Apa m'pamene panagona nkhani.

Mlamu wake, mng'ono wa mkazi wakeyo, ankakonza mavidiyo pakampani ina. Anamuuza kuti asadzivutitse, pa laputopu ya Wamasofayo panali kale kapulogalamu kaulere kodulira, kulumikiza ndi kulemba mawu pansi, ndipo munthu wongoyamba kumene safunika zoposa pamenepo. Anamuuzanso kuti asanakhudze chilichonse asunge mavidiyowo pamalo awiri.

"Alamu, zimenezo n'za ana a sukulu ya mkaka," anatero Wamasofa akuseka. "Ine ndikamatenga chida ndimatenga cha amisiri."

Lachiwiri anapita kukasindikizitsa timapepala tamalonda, laputopu ili m'chikwama. Pamzere anakumana ndi bambo wina wovala tayi, atakoleka fulashi yosungiramo za pakompyuta m'khosi ngati mkanda. Atamva za vidiyoyo, watayi uja anati ali ndi pulogalamu imene amagwiritsa ntchito opanga mafilimu akuluakulu, ndipo atha kumuikira pompo ngati mnzake. Anayamba wazimitsa chotetezera laputopu ku mavairasi, ati chimachita nsanje ndi mapulogalamu amphamvu. Kenako anasamutsira mavidiyo onse mu laputopu n'kuwafufuta m'foni, ati kuti foni ipume. Wamasofa anamugulira chakumwa, akuthokoza ndi manja awiri.

Kunyumba atatsegula, anapeza mabatani ali mbwee ngati nyerere pa shuga. Laputopu inatentha n'kumalira ngati jenereta. Lachitatu lonse sanagwire hamala. Akadula apa, chithunzi chinkasowa apo. Pamene zinaoneka ngati zatheka, phokoso la hamala linkamveka msomali usanakhomedwe. Mkazi wake anafunsa kawiri ngati aitane mng'ono wake, iye n'kumayankha kuti watsala pang'ono.

Lachinayi m'mawa palibe vidiyo ngakhale imodzi imene inatseguka. Mayina ake anali atasanduka zilembo zosawerengeka. Nambala ya watayi sinkapezeka. Kosindikiza kuja anamuuza kuti munthuyo sakumudziwa, iwo ankayesa kuti anabwera limodzi.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Wamasofa anaimbira mlamu wake yekha, mawu ali pansi. Mlamuyo anafika nthawi yopuma masana, anayang'ana laputopu ija n'kupukusa mutu. Anati pulogalamuyo inali yakuba ndipo inabwera ndi vairasi, laputopu ikufunika kwa okonza, koma za mavidiyo aja angoiwala.

"Alamu, munthu simunaphunzire njinga, inu n'kukakwera ndege," anatero. "Nanga sofa yofiira ija tikaitenge kwa adokotala, tiing'ambenso?"

Wamasofa sanaseke. Anakhala pa benchi atagwira tsaya, akuona masofa khumi ndi anayi akumudutsa.

Apo mkazi wake anakumbutsa kuti pabalaza pawo pali mpando wong'ambika umene wakhala akuudandaula zaka zitatu, moti alendo akabwera amauphimba ndi thaulo. Ngati pakufunika mpando woti ujambulidwe, womvetsa chisoni kuposa umenewo sangaupeze.

Anaunyamula awiri kupita nawo kogwirira ntchito. Masana onse Wamasofa anamasula, kuika siponji, kukoka nsalu yobiriwira ndi kukhoma, mkazi wake akujambula. Ulendo uno mavidiyo anatsala m'foni, n'kutumizidwanso kwa mlamu.

Lachisanu m'mawa mlamu anabwera ndi laputopu yakeyake, n'kutsegula kapulogalamu kaulere kaja. Anamuonetsa zinthu zitatu zokha: podulira, pokokera kachidutswa kuti kakhale pambuyo pa kanzake, ndi polembera mawu. Kenako anapinda manja, anakana kugwiranso. Wamasofa anapitiriza yekha, ndi zala zake zokhakhalazo. Ola lisanathe vidiyo ya mphindi imodzi ndi theka inali pawebusaiti, dzina la bizinesi ndi nambala zili pansi. Anaionera kanayi, akumwetulira ngati wabadwitsa mwana.

Dzuwa lisanapendeke mayi wa nyumba ya alendo anaimba. Anati waona mmene manja ake amakokera nsalu m'makona, ndipo zimenezo zamukwanira. Abwere Lolemba ndi galimoto adzayambe ndi masofa anayi.

Wamasofa atafika kunyumba anapeza mkazi wake atakhala pampando wobiriwira uja, miyendo atatambasula, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Bambo a kuno," anatero, "mukadzamuonanso watayi uja mudzamupatse moni wanga. Zimene ndinalephera ine zaka zitatu, iye wazitha masiku awiri."

Phunziro: Ukamayamba chinthu, yamba ndi chida chimene ungathe kuchigwira, zazikulu udzazipeza kutsogolo. Usalole munthu wosamudziwa kuika zinthu mu kompyuta kapena m'foni yako, ndipo zofunika zako uzisunge pamalo awiri. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale wamng'ono kwa iwe. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene angoyamba kumene bizinesi, poti si onse ali ndi mpando wong'ambika pabalaza wowapulumutsa.