Chala cha Namwino

Nyumba iliyonse m'mudzimo inali ndi bokosi la mankhwala pakhoma, lotseguka ndi chala cha namwino basi. Masana amenewo a Chimtengo ankabuula pamphasa, khansa ikuwadya m'mimba. Mkazi wawo, Nasimango, anatola nkhwangwa.

"Tsegulani, anamwino! Kapena ndiliphwanye?"

"Amwa kale, mayi," anayankha namwino Tiyamike. "Ndikawonjezera panopa, asiya kupuma."

"Simukumva kuliraku? Mtima wanu ndi mwala? Akanakhala bambo anu!"

Tiyamike anabisa chala chake m'khwapa, ndipo sanasunthe.

Nasimango anaponya nkhwangwayo pansi, nagwada kusisita amuna ake pamsana. Nthawi itakwana, Tiyamike anatsegula bokosilo n'kuwamwetsa. Kubuula kunatha. Potuluka, Tiyamike anatsanzika kawiri, koma Nasimango anangomufulatira, akusisitabe amuna ake.