Nkhwani wa Lachinayi

Chikhazikitsireni lamulo la masamba, pamudzi pa Kaphiri nkhwani sanalinso ndiwo wamba. Lachinayi lililonse banja lokhala ndi wodwala khansa ya m'magazi linkapereka dengu lodzaza kuchipatala, komwe makina ankafinyamo vitamini K wopangira jakisoni wa sabata imeneyo. Malangizo anali awiri basi: masamba akathyoledwa asaone dzuwa, ndipo asakhudzane ndi soda.

Nasibeko anathyola nkhwani wake m'mamawa, nabisa dengu kuseri kwa chitseko, n'kuthamangira kumjigo. Pobwerako anapeza mlamu wake Esinati, yemwe anafika dzulo lake kudzazonda achimwene ake, atayala mphasa pabwalo. Nkhwani yense anali pamphasapo, wofutsa kale, akuuma padzuwa.

"Alamu, mwatani kodi?"

"Ndimati ndikuthandizeni. Masamba onsewa angowolera m'nyumba? Ndathirako ndi kasoda kuti afewe."

Nasibeko anayang'ana pakhonde pomwe amuna ake, a Jumbe, anagona, nkhama zili magazi okhaokha. Anangotola dengu n'kutsikira kudimba.

Masamba otsala anali aja amasiyira maungu kuti akule. Anathyola onse mpaka nsonga zomwe, akuphimba dengu ndi chitenje chakuda.

Esinati anali pambuyo pake, manja ali kumsana. "Mukatero, maungu simudya chaka chino."

"Tidzadya mfutso wanuwo," anatero Nasibeko akusenza dengu. "Bola achimwene anu adzakhalepo, adzadye nawo."