Yewo wa a Shaba

Chikomeni anawaona komaliza ali moyo bambo ake atakhala pachikuku kumbuyo kwa galimoto ya bungwe, atavekedwa sikipa yachikasu yosawakwana. Unali m'mawa wa ulendo wa ndawala pa boma la Mzimba. Mlomo wawo unali wopendeka, malovu akudonthera pachifuwa. Iye anawafunsa ngati akufunadi kupita. Iwo anati, "Yewo." Masana a tsiku lomwelo anagwanso, ndipo anamwalira asanafike nawo kuchipatala.

Patatha masabata atatu, Chikomeni anaima mu ofesi ya bungwelo, bungwe lothandiza anthu odwala sitiroko. Khoma lonse linaphimbidwa ndi nsalu yaikulu. Pansaluyo panali nkhope ya bambo ake, a Bestone Shaba, mlomo uli chipendekere, diso limodzi litagwa. Pansi pake analembapo kuti: Dzanja likachita dzanzi, musadikire kuche.

Mayi Scholastica, mkulu woona za kupempha thandizo, mavolontiya ndi misonkhano yophunzitsa anthu, ankapinda masikipa. Sanamupatse mpando.

Chikomeni anati nsaluyo ichoke lero. Anamva kuti mawa apita nayo ku Embangweni, kenako aizungulitsa m'misika yonse. Ana amene bambo ake anawaphunzitsa zaka makumi atatu ku Edingeni, akaone aphunzitsi awo akudontha malovu? Anaika pathebulo kalata yopita kwa akuluakulu a bodi, yosainidwa ndi abale asanu ndi mmodzi, yopempha kuti mayiyo achotsedwe ntchito.

Mayi Scholastica anaisuntha ndi chigongono. Anati nsaluyo sichoka, chifukwa mwini nkhope anavomera.

Apa m'pamene Chikomeni ankadikira. Sitiroko ya mu Okutobala 2023 inawalanda a Shaba dzanja lamanja, mwendo, ndi mawu onse: Chitumbuka, Chichewa, ngakhale Chingelezi chimene ankanyadira nacho. Inawasiyira liwu limodzi. Phala likawawotcha, yewo. Akadziipitsira pamphasa, yewo. Iye anasiya koleji ku Mzuzu ali chaka chachiwiri kuti aziwasambitsa, ndipo liwulo ankalimva mwina kasanu pa ola.

"Mayi, kwanu n'ku Ntchisi," anatero. "Kuno yewo ndi zikomo, ndi moni, ndi kupempha njira. Si eya. Inu munamva dalaivala wanu akunena yewo, mbwenu mwaganiza kuti Chitumbuka mwachitha. Munawafunsa adada, iwo n'kuti yewo, inu n'kuitana wojambula."

"Mwamaliza, achimwene?"

Sanamalize. Ananena kuti mayiyo anawapeza bambo ake atafa kale theka, sanawamvepo akuyankhula ngakhale tsiku limodzi. Anawasankha chifukwa nkhope yawo inali yomvetsa chisoni kuposa za ena onse. Anawaimika padzuwa ngati mbuzi ya pamsika. Kumaliro anabwera ndi mavolontiya atavala masikipa omwewo, n'kuyamba kugawa timapepala kumanda. Ananenanso kuti anthu ngati iye amalemera ndi matenda a anzawo.

Mayi Scholastica anasiya kupinda. Anati wagwira ntchitoyi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo achibale amene amafuula kwambiri munthu akamwalira nthawi zambiri ndi amene sankadziwa kanthu munthuyo ali moyo. Anati sabata yomwe ino mayi wina wa ku Chikangawa anathamangira naye mwamuna wake kuchipatala nthawi yabwino chifukwa anaona nkhope imeneyi. Ngati Chikomeni akuchita nayo manyazi, manyaziwo ndi ake.

Chikomeni anakwera pampando n'kugwira ngodya ya nsalu. Msomali woyamba unazuka. Pafupi chonchi ankaona bwino chibwano chimene iye mwini anachimeta m'mawa uja, ndi pamene lezala linacheka pang'ono.

"Tsikani," anatero mayiyo, mosakweza mawu. "Mukang'amba, ndiitana apolisi, ndipo sindidzachita manyazi kuti ndinu ofedwa."

"Itanani. Akafunse amene anavomera."

Mayi Scholastica anachoka pathebulo. Kenako anatsegula kabati, anatulutsa faelo ya mavolontiya, n'kusololamo pepala la m'kope ya sukulu, lopindidwa panayi. Anati analonjeza a Shaba kuti sadzamuonetsa mpaka atamaliza maphunziro, koma poti maphunzirowo anawataya yekha, lonjezolo silikutetezanso munthu.

Chikomeni anatsika. Analanda pepalalo ali wokonzeka kuona chidindo cha chala, chimene munthu angachipeze pogwira dzanja la wodwala n'kulikanikiza pa inki.

Panalibe chidindo. Panali mizere isanu, zilembo zopendekera kutsogolo zimene anaziona pabolodi kuyambira ali sitandade wani. "Mayi, ndikuthokoza pondilandira m'gulu lanu. Zikadzandibwereranso, nkhope yanga muionetse mmene idzakhalire, musaikonze. Mulembepo mawu amene ndakuuzani aja. Chikomeni musamuuze za kugwa kwangaku, angasiye sukulu."

Anawerenga kawiri. Dzanja limene linalemba izi iye analisambitsa miyezi yonseyi lili lofa, ndipo chiyambire Okutobala uja silinagwirepo cholembera. Anakweza maso pamwamba pa pepalalo, pamene aphunzitsi amalemba tsiku.

3 Febuluwale 2023.